Ng'oma Amayimba, Sasewera

Girrawheen,
Lachinayi masana.

Tadala mwana wanga,

Ndangobwera ku shifiti, ndalowa m'chipinda mwako kuti ndikuyikire mankhwala a chimfine mu sutikesi, ndiye ndapeza chimene chandikhazika pansi ndi cholembera. Zovala walongedza. Nsapato walongedza, ngakhale zong'ambika zija ndinakuuza kalekale kuti utaye. Koma kachikwama ka timitengo toyimbira ng'oma wakaponya pamwamba pa wadirobu, kuseri kwa bulangeti, ngati ine ndilibe maso. Maso ndili nawo, Tadala. Ndilinso ndi mpando wokwerapo.

Ndikanadikira kuti ubwere kotsanzikana ndi anzakoko tikambe pakamwa, koma mathero ake tonse tikuwadziwa. Ine ndikweza mawu, iwe unena kuti "Mum, it's fine," utseka chitseko, abambo ako akweza wailesi. Ndiye ndalemba. Pepala sungalitsekere chitseko. Uwerenge m'Chichewa momwemu, pang'onopang'ono, ndipo pamene pakuvute ufunse ine, osati foni.

Tiyambe ndi zimene zilipo. Bandi ya ku Melbourne inayesa anthu angapo, inasankha iwe kuti ukhale woyimba ng'oma. Lolemba akukudikira kuti muyambe kukonzekera. Ndege ndi ya mawa m'mawa. Koma chiyambire Lamulungu ukungoyenda m'nyumba muno ngati munthu wonyowa ndi mvula, ukuti mwina ukawauza kuti apeze wina, mwina ukangoyamba ntchito yosamalira okalamba, ng'oma udzaziona m'tsogolo. Zonsezi chifukwa cha liwu limodzi ndi kuseka kwa anthu amene anali ndi sikono kukamwa. Ine sindingalole kuti ukwere ndege ndi maganizo amenewo ndisanakuuze zanga.

Ndikukumbutse za Lamulungu, chifukwa iwe unaona manyazi ako okha, ine ndinaona zonse. Titatuluka m'mapemphero, pa tiyi mu holo muja, a Gondwe, mkulu wa mpingo, anakuyitana kutsogolo kuti akupempherere. Anafunsa kuti, "Nanga mwana wathuyu akukatani ku Melbourne?" Iwe unayesetsa kuyankha m'Chichewa, ndipo mtima wanga unadumpha ndi kunyada. Unati, "Ndikupita kukasewera ng'oma." Holo yonse inagwa ndi phwete. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mpaka tikiti ya ndege kukasewera? Paki ili pafupi apa, katungwe aliponso!" Mayi Gondwe, akupukuta misozi, anati, "Ee, musiyeni akasewere kaye. Akatopa nawo masewerawo atiuze, msuweni wanga ali komweko, ntchito ya okalamba sisowa." Ine ndinali nditadzuka kale pampando. Abambo ako anagwira chitenje changa mwamphamvu moti ndikanapita patsogolo ndikanafika wopanda chitenje. Anandinong'oneza kuti, "Make Tadala, m'tchalitchi muno." Ndinakhala pansi. Koma chimene chinandikhazika pansi si dzanja lawo ayi. Ndinaona iwe ukuseka nawo.

Tamvera tsopano. M'Chizungu chimene wakuliramo, mwana wothamangitsa mpira ndi munthu womenya ng'oma amawanena ndi liwu limodzi. Kwathu si choncho. Mpira amasewera. Bawo amasewera. Ana pamchenga amasewera. Koma ng'oma amayimba. Gitala amayimba. Belu la tchalitchi amayimba, foni amayimba, ngakhale mlandu amamuyimba munthu. Chilichonse chimene chimayitana munthu kuti asiye zimene akuchita atembenuke, ife timati kuyimba. Unalakwitsa liwu, basi, ndipo ndi kanthu kakang'ono, poti unabwera kuno usanayambe ndi kulankhula komwe. Akulu a nzeru akanakukonza mwakachetechete n'kupemphera. Chimene chikundiwotcha m'chifuwa n'chakuti iwe unalakwitsa liwu, anthu anaseka, kenako unakhulupirira cholakwa chakocho. Unabwera kunyumba ukuganiza kuti zoona ndi masewera.

Ine nyimbo za rock zimene umayimbazi ndazilakwirapo kuposa onse anali mu holo muja, ndiye ndili ndi ufulu wolankhula. Nthawi yoyamba imene ndinamva nyimbo ija timayitcha ya nyundo m'nyumba muno, tinali titangofika kumene ku Perth, iwe ukuyamba kuyenda. Abambo ako anali atapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Welshpool, ndipo pa Khirisimasi abwana awo anawotcha nyama kuseri kwa wekishopu, akazi ndi ana tonse tinayitanidwa. Ine ndinavala ngati ndikupita ku ukwati, ndinapeza anthu ali m'makabudula. Tikudya bwinobwino, wina anakweza wailesi. Gitala inalira ngati akudula chitsulo, ndipo azibambo onse aja, azungu, Afilipino, kaya a mitundu yanji, anayika mabotolo pansi n'kuyamba kumenya matebulo ndi zibakera. Kumenya kawiri, kusiya. Kumenya kawiri, kusiya. Nkhope zofiira, mitsempha ya m'khosi itatupa, onse akukuwa. Ine ndinakulira pafupi ndi depoti ya basi ku Lilongwe, ndewu ndimayidziwa ikamayamba. Ndinakutola ngati thumba, ndinasiya mbale ndi nsapato imodzi, ndinakadzitsekera m'galimoto. Abambo ako anabwera ndi soseji m'manja akugogoda galasi. "Make Tadala, tsegulani, palibe akumenyana. Akuyimba." Ndinati, "Ngati uku n'kuyimba, akamalira amatani?" Ndinakhala m'galimoto momwemo mpaka phwando linatha, poti ukundidziwa, ndikalakwa sindituluka msanga. Ndiye kumbukira, Tadala: munthu akamva chinthu chachilendo amathamangira kuchipatsa dzina la chimene akuchidziwa kale. Ine ndinati ndewu. A ku holo anati masewera. Usatenge dzina la ntchito yako kwa munthu amene sanayimvetserepo mpaka kumapeto.

Patapita zaka ndinayamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Midland, ndipo n'kumene ndinakumana ndi a Des. Iwe umawakumbukira ngati agogo a masupuni, koma sunaone mmene tinayambira. Anali ndi matenda oyiwala, khutu limodzi logontheratu, linalo lomva mwa apo ndi apo. Nthawi ya chakudya sankadya msanga, ankatenga supuni n'kumamenya tebulo. Kawiri, kusiya. Kawiri, kusiya. Agogo ena ankadandaula. Ine wodziwa zonse ndinati awa ndi matenda, ndinawalanda supuni ndi kuwapatsa ya pulasitiki. Anandiyang'ana ngati ndawavula buluku pagulu. Anandikalipira m'Chizungu chawo cha m'mphuno chija kuti, "Iwe! Ndili pa ntchito ine!" Ndinati, "Ntchito yanji, agogo? Idyani phala likuzizira." Anakankha mbale. Mawa lake anakankhanso. Mlongo wawo, Mayi Joan, atabwera kudzawaona, anafunsa kuti ndani wawalanda supuni, ndipo ine ndinati ndine, ndilipo, nenani. Sanandikalipire. Anatulutsa foni, anayika nyimbo ija ya nyundo, nandifunsa kuti, "Ukuyidziwa iyi?" Ndinati ndani sayidziwa, nyimbo ya ndewu. Anati, "Ng'oma ukumvazo ndi manja awa." Analoza manja a munthu amene ndinamupatsa supuni ya pulasitiki.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma chinthu chikandichititsa manyazi ndimachitsata mpaka ndichidziwe. Ndinafunsa Mayi Joan, ndinafunsa a Des eni ake masiku amene mutu unali bwino, ndinakhala mu laibulale ya ku Midland ndikudikira sitima. Ndiye ndikuuze kumene nyimbo imeneyi inachokera, chifukwa iwe umayiyimba bwino koma sindikudziwa ngati unamvetsetsa. A Des ali mnyamata ankaphunzira ntchito ku wekishopu ya njanji konko ku Midland, kumene ankakonza sitima. Zitsulo ankazilumikiza ndi misomali yonenepa yowotcha pamoto mpaka kufiira. Wina amabweretsa msomali, wina amaugwira pabowo, awiri amamenya ndi nyundo. Uyu menya, uyu menya, kenako kudikira msomali wina ufike. Ukafulumira umenya dzanja la mnzako. Ukachedwa msomali wazizira, ntchito yawonongeka. Tsiku lonse choncho, makutu akulira. Akaweruka, anyamata a mu wekishopu yomweyo ankakumana mu galaja ya amayi a Des ndi magitala akale ogula kwa anthu. A Des ankati iwo sanapeke kanthu, manja ankangopitiriza zimene anachita tsiku lonse. Mnzawo woyimba mawu anangowonjezera nkhani ya munthu wotopa amene akudikira belu loweruka. Basi. Nkhani ija ankanong'ona amayi ena mu holo Lamulungu, yoti nyimbo zimenezi n'za Satana, ine mawu ake ndinawawerenga onse ndi dikishonale pambali. Satana mulibe. Muli bwana, muli msana wowawa, muli Lachisanu.

Poyamba palibe ankawafuna. Eni mabala ankawathamangitsa chifukwa cha phokoso, makolo awo ankati akuwononga mpata wa ntchito yabwino ya njanji chifukwa cha zibwana. Wamva liwu limenelo? Zibwana. Nawonso anauzidwa kuti akusewera. Lero wekishopu ija inatsekedwa kalekale, sitima zija kulibe, koma nyundo zake zikumvekabe. Ku bwalo la mpira wawo wa manja uja anthu amaponda pansi mpaka mipando kunjenjemera. Pa maukwati amayiyimba. M'mapikiapu opita ku migodi imalira. Ana amene sanaonepo msomali wofiira amamenya madesiki kawiri n'kusiya, osadziwa kuti akutsanzira agogo awo ali pa ntchito. Ndipo ndikuuze ichi, uchisunge: tsiku lija a Gondwe anatitenga pa galimoto yawo kuchokera ku eyapoti tikubwerera kokacheza kumudzi, nyimbo imeneyi inalira pa wailesi, ndipo chala chawo chinkagogoda chiwongolero. Kawiri, kusiya. Ndinawaona ndi maso angawa. Chala chimadziwa zimene pakamwa pakukana.

Iwe unalowa m'nkhaniyi pa Khirisimasi ija kwaya ya ana inabwera kudzayimbira okalamba kuntchito kwanga. Anzako atamaliza anathamangira makeke, iwe unakakhala pa tebulo la a Des, unatenga masupuni awiri, unayamba kuwatsatira. Anakusiya pang'ono, kenako anagwira dzanja lako. Anati, "Wafulumira, mtsikana. Wamenya dzanja la mnzako." Unayambanso. Anati, "Wachedwa, wazizira." Munthu amene sankakumbukira ngati wadya m'mawa anakhala nawe mpaka kwaya yonse inali m'basi ikukudikira. Pokutsanzika anandiuza ine kuti, "Kumenya aliyense amatha. Ntchito ili pa kudikira." Kuyambira tsiku limenelo masupuni a m'nyumba muno anapindika onse, mapoto anga anatuluka zipsera, aneba anagogoda pachitseko kangapo, ndipo ine ndinawayankha mmene ndimayankhira. Zaka zonsezi wadzuka m'mawa kukonzekera usanapite kusukulu, manja achita matuza, matuza asanduka zikang'a. Ine ndinalipo. Mayi Gondwe kunalibe. Ndiye ndani mwa ife awiri akudziwa ngati ndi masewera?

Cholakwa changa chachikulu ukuchidziwa, umachisimba kwa anzako mukamaseka, koma lero uchimve kwa mwini wake. A Des atamwalira, Mayi Joan anatiyitana ife ogwira ntchito ku maliro. Ndinavala chitenje ndi duku monga timachitira kwathu, ndinakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khoma. Maliro a kuno ndi ozizira, Tadala, palibe wolira mokweza, anthu amangofwenthera m'timapepala. Ndinapirira. Anthu analankhula, wina anaseketsa anthu, ndinapiriranso. Ndiye itakwana nthawi yonyamula bokosi, mwadzidzidzi sipika ili pamwamba pa mutu wanga inaphulika ndi gitala ija. Pamaliro! Bokosi lili m'manja mwa anthu! Kwathu ngakhale wodutsa pa njinga amatsika, wailesi ya nyumba yachitatu amazimitsa. Ine sindinaganize kawiri. Ndinati wina walakwitsa batani, achititsa manyazi agogo anga. Soketi inali pafupi ndi mwendo wanga. Ndinawerama, ndinazula pulagi.

Kunali zii. Onyamula bokosi anayima pakati pa njira. Mutu uliwonse unatembenukira kwa mayi wakuda wa duku atagwira waya m'manja. Ndinafuna pansi patseguke. Ndiye kumbuyo, nkhalamba ina ya ndodo, mmodzi wa amene ankagwira ntchito ndi a Des ku njanji, inaponda pansi. Kawiri. Inadikira. Kawiri. Wina anatsatira, kenako benchi yonse, kenako nyumba yonse, nsapato zokhazokha pa matabwa, popanda gitala, popanda magetsi. Ndipo pamene pamayenera kukhala mpata, onse ankadikira limodzi, palibe anafulumira. Onyamula bokosi anayamba kuyenda motsatira mapaziwo. A Des anatuluka choncho. Ine ndili chiyimire ndi pulagi m'manja, misozi inayamba kutsika, chifukwa ndinazindikira chimene ndikuona. Ndi zomwe zija amachita amayi kwathu akamaperekeza maliro kumanda ndi nyimbo, kuti womwalirayo asapite yekha ndiponso onyamula asamve kulemera. Anthu awa anali ndi nyimbo yawo ya kumanda nthawi yonseyi, ine ndimayiyesa phokoso. Panja Mayi Joan anandikumbatira akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anati, "Mlongo wanga moyo wake wonse ankalimbana ndi a magitala kuti amusiyire mpata. Iwe wamupatsa waukulu kuposa onse." Ndinapepesa. Anati ndisiye zopepesa, ndikatenge sangweji.

Ndiye ndimve bwino. Nyimbo imene ingathe kunyamula bokosi la munthu magetsi atazima si masewera. Ndinayitcha ndewu, ndinayitcha matenda, ndinayitcha chipongwe pamaliro, ndipo maulendo onsewo wolakwa ndinali ine. Kusiyana kwanga ndi a ku holo n'kwakuti ine ndikalakwa ndimakafunsa. Iwo anaseka, anamaliza tiyi, anapita kwawo kukagona tulo tabwino, ndipo pofika lero ayiwala. Iwe wekha ndi amene ukufuna kulipira kuseka kwawo ndi moyo wako wonse. Asa!

Usaganize kuti ndikukutuma ku paradaiso. Bandi ya a Des ija inatchuka, inde, koma ndinafunsanso za mathero ake. Wa gitala mmodzi mowa unamudya asanakalambe. Awiri anakangana pa nkhani yoti ndani anayambitsa nyimbo, anafa osalankhulana, anthu amene ankagawana sangweji imodzi ku wekishopu. A Des anasiya kuyimba makutu atayamba kufa, anabwerera ku Midland n'kumayendetsa lole, ndipo bandi inapitirira ndi munthu wina pa mpando wawo. Ndiye timapulagi ta m'makutu tija abambo ako anakubweretsera kuchokera kuntchito uzivala nthawi zonse, kaya anzako akuseka. Ndasamalira munthu wogontha, ndikudziwa kusungulumwa kwake. Chakumwa chimene sunaone akutsegula usamwe. Mwini bala akakuuza kuti malipiro ako ndi mowa waulere, umuuze kuti lendi salipira ndi mowa. Ukamaliza kuyimba uzibwerera kunyumba ndi munthu amene ukumudziwa dzina lake lenileni. Uzidya chakudya chophika, osati tchipisi tsiku ndi tsiku. Ndipo dzina lako ndi Tadala. Ngati anthu amatha kuloweza mayina a magitala awo, lako sangalephere. Asakudulire kuti liwakomere pakamwa.

Mtima wapachala uja unatengera kwa ine, usakane. Anyamata a bandi adzakuuza kuti wafulumira kapena wachedwa, ndipo magazi adzakwera kumutu. Usazule pulagi usanafunse. Ndakuuza, usazule pulagi usanafunse. Ine inandithera bwino chifukwa kunali nkhalamba ya ndodo yondipulumutsa, koma si maliro onse amene amakhala ndi nkhalamba yotero. Uwerenge mumtima ngati mmene umadikirira pa mpata uja, kenako ulankhule. Koma ukalankhula, ulankhule zoona, mosazungulira. Kudikira si kugonja. Lamulungu lija iwe sunadikire, unagonja, ndipo zimenezi n'zosiyana.

Za ntchito ya okalamba ija akukupezera msuweni wa Mayi Gondwe, ndimve bwino pamenepanso, chifukwa ndi imene ndimagwira ine ndipo sindilola munthu kuyinyoza. Yakulera iwe, yalipira ng'oma zako. Ngati ku Melbourne ufuna mashifiti angapo kuti upeze lendi, gwira, ndipo ugwire ndi mtima wonse. Koma chimene chandipsetsa mtima n'chakuti Mayi Gondwe anayitchula ngati kumene amagwera anthu olephera, ndipo iwe ukufuna kuyisandutsa kobisala. Okalamba aja si tchire lothawiramo. Munthu amene wabwera kudzawasambitsa chifukwa anaopa kusekedwa amawagwira ndi manja ozizira, ndipo iwo amadziwa. Ndawaona atsikana otero, amayang'ana wotchi tsiku lonse. Ukadzalephera ng'oma utayesa ndi mphamvu zako zonse, bwera, yunifomu ndidzakusitira ndekha, ndipo aliyense wotsegula pakamwa adzakumana ndi ine. Koma kusiya usanayambe, chifukwa bambo wina anatchula katungwe, zimenezo ayi. M'nyumba mwanga ayi.

Abambo ako salankhula zambiri, ukuwadziwa, ndiye ndiwalankhulire. Dzulo ndinawapeza mu galaja akumanga ng'oma zako m'makatoni kuti azitumize pa lole sabata yamawa. Chilichonse akuchikulunga ndi matawulo anga abwino, osandipempha. Ndinati, "Bambo a Tadala, mukuvutikiranji, mwana wanu akuti mwina sakayimba." Sanadzutse mutu. Anati, "Ameneyo? Mwana wa mayi wozula pulagi pamaliro? Akayimba." Ndinawakalipira chifukwa cha matawulo, koma ndinatuluka msanga kuti asaone nkhope yanga.

Mawa m'mawa a Gondwe ndi akazi awo akubwera kudzapemphera tisananyamuke kupita ku eyapoti. Ndinawayitana ndine, ndipo ndawalonjeza abambo ako kuti ndikhala chete, ndiwapatsa tiyi ndi ulemu wonse. Ndi akulu athu, anatilandira tili alendo, ndipo iwe uwagwadire monga ndinakuphunzitsira. Koma ndikuwadziwa a Gondwe, asanatseke maso adzafunsanso, mwina akumwetulira, kuti, "Paja mwana wathu akukatani ku Melbourne?" Ine sindikuyankhira. Sindikufunanso uyankhe m'Chizungu, poti kumeneko n'kumene umathawira. Mawu ake ndi atatu okha, uyeserere pagalasi ngati ukufuna: Ndikupita kukayimba ng'oma. Ukatero udikire. Usaseke, usawonjezere za ntchito ina, usayang'ane pansi. Ungosiya mpata, ngati mmene anakuphunzitsira a Des, iwo aone chochita nawo.

Kachikwama ka timitengo kaja ndakatsitsa, ndakapukuta fumbi, ndakayika pamwamba pa sutikesi, pansi pa kalata ino. Sindinakalowetse m'kati. Ndikanatha, koma manja olowetsa ndi ako. Ukadzuka mawa n'kukabwezera pa wadirobu, sindikuwa, ndikuperekezabe ku eyapoti, ndiwe mwana wanga ngakhale utandikwiyitsa chotani. Koma usadzanene kuti munalibe malo mu sutikesi. Malo alipo. Nsapato zong'ambika zija ndataya.

Ukafika, Tadala, uyimbe. Ng'oma uyimbe, foni uyimbe. Liwu lake ndi limodzi, ndipo tsopano ukulidziwa.

Ndine mayi ako,
amene sasewera,
Nabanda.